Kamera iime pati? Yankho kwa gulu la zisudzo la ku Ndirande

Funso: Ndife gulu la zisudzo la ku Ndirande, ndipo takhala tikuchita masewero m'maholo ndi m'masukulu kwa zaka zingapo. Chaka chino tayamba kujambula masewero athu kuti tikawapereke ku wailesi za kanema, koma amene aonako akuti nkhani zake ndi zabwino, kungoti sizikuwagwira mtima monga zimachitira tikamasewera pamaso pawo. Tili ndi kamera imodzi ndi tripod imodzi, choimikirapo kamera cha miyendo itatu. Timamva anthu akunena za ma shot ndi ma angle. Kodi zimenezi zimasintha bwanji tanthauzo la sewero, nanga ife tiyambire pati?

Yankho: Ndisanaone n'komwe zimene mwajambulazo, ndikhoza kuganiza mmene zikuonekera, chifukwa magulu ambiri ochokera pa siteji amayamba chimodzimodzi. Kamera mumaiimika pamalo amodzi moyang'anizana ndi ochita sewero, pa msinkhu wa munthu woimirira, aliyense n'kumaoneka kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo imakhala pomwepo mpaka gawo lonse litatha. Mukatero mumakhala mwasunga chikumbutso cha sewero lanu, koma sewero la pa kanema simunapange. M'holo woonera amasankha yekha koyang'ana. Maso ake amachoka pa amene akulankhula n'kupita pa amene akumvetsera, amaona dzanja likunjenjemera, amamva anzake akuseka kapena kung'ung'udza, ndipo zonsezi zimamukokera m'nkhani. Pa kanema ufulu umenewo alibe. Amaona zokhazo zimene kamera yamusankhira, ndipo kamera ikapanda kusankha kanthu iyenso sadziwa choti amve mumtima. Choncho nthawi iliyonse imene mukuimika kamera mumakhala mukuyankha funso limodzi, kaya mukudziwa kaya simukudziwa: pa mphindi ino nkhaniyi ndi ya ndani, ndipo woonera aime pafupi ndi ndani? Ma shot (kukula kwa malo amene chithunzi chatenga) ndi ma angle (msinkhu ndi mbali imene kamera ikuyang'anira munthu) mwamvawo ndi njira chabe zoyankhira funso limeneli.

Titenge chochitika chimodzi cha kwanu komweko. Mayi wakhala pakhonde akuika matimati m'milu kuti agulitse, ndipo mwana wake wamwamuna, amene amagwira ntchito pa fakitale ina ku Makata, akutulukira cha m'ma 10 koloko m'mawa. Wachotsedwa ntchito. Mukayamba ndi chithunzi chotenga malo aakulu, chimene ojambula amachitcha wide shot, woonera aona phiri la Ndirande kumbuyo, nyumba zothithikana, kanjira kodutsa pakati pa mipanda, ndi munthu mmodzi wooneka wamng'ono akuyenda monyinyirika atanyamula jombo zake m'manja. Palibe amene walankhula, komabe nkhani yayamba kale, chifukwa aliyense amadziwa kuti munthu wapantchito sabwerera kunyumba dzuwa litangokwera chonchi. Ntchito ya wide shot ndi imeneyi: imanena malo, imanena nthawi, ndipo imaonetsa kukula kwa munthu poyerekeza ndi dziko lomuzungulira, n'chifukwa chake imayenera bwino pamene mukufuna kuonetsa kusungulumwa kapena kusowa pogwira. Akafika pakhonde n'kupereka moni, mukhoza kusendera pafupi n'kuwatenga onse awiri kuyambira m'chiuno kupita kumtunda. Imeneyo ndi medium shot, ndipo ndiyo imanyamula zokambirana zambiri za m'masewero a pa kanema, popeza imaonetsa nkhope pamodzi ndi manja, ndiponso kuti anthuwo atalikirana bwanji.

Tsopano mnyamatayo akuti, "Amayi, ntchito yatha." Apa ndi pamene pafunika close-up, chithunzi cha nkhope yokha, koma funso lalikulu ndi lakuti nkhope ya ndani. Anthu ozolowera siteji amathamangira kwa amene akulankhula, pamene nthawi zambiri nkhani imakhala pa nkhope ya amene akumva. Mawu a mnyamatayo woonera awamva ngakhale asakumuona, koma chimene sangachimve ndi makutu ndi chimene chikuchitika mwa mayiyo. Mukaika kamera pa nkhope ya mayi, gawolo lasanduka nkhani ya lendi, fizi ya ana aang'ono ndi ndiwo za mawa. Mukaisiya pa nkhope ya mnyamata, gawo lomwelo, mawu omwewo, lasanduka nkhani ya manyazi a mwana wamwamuna amene walephera kusamala kholo lake. Zonse ziwiri ndi zotheka, ndipo palibe yolakwika, koma muyenera kusankha, ndipo musankhe mogwirizana ndi kumene sewero lonse likulowera. Pali njira yachitatu imene ine ndimaikonda pa gawo lotere, yomwe ndi kusiya nkhope zonse n'kuonetsa dzanja la mayi litaima m'dengu la matimati kwa masekondi awiri kapena atatu, kenako n'kuyambanso kusankha ngati sanamve kanthu. Amayi ambiri a kuno salira pamaso pa ana awo nkhani ikangofika kumene, ndipo oonera akaona dzanjalo azindikira mayi wotere msanga kuposa akanaona misozi.

Close-up ili ngati mchere m'ndiwo, ikachuluka imaononga zimene imayenera kukometsa. Ngati moni, kufunsa za ulendo ndi kupempha madzi akumwa zonse mwazijambula pafupi ndi nkhope, pofika pa mawu aakulu aja mudzapeza kuti mulibenso kosendera. Tanthauzo limabadwa pa kusintha, pamene kamera imene inali patali yabwera pafupi, kapena imene inali pafupi yabwerera mwadzidzidzi n'kumusiya munthu yekhayekha pakati pa bwalo. Komabe n'zoona kuti masewero a pa TV amadalira nkhope kuposa mafilimu a m'nyumba zoonetsera kanema, ndipo chifukwa chake ndi kukula kwa sikirini. Pamene Television Malawi inayamba kuulutsa kuno ku Blantyre mu 1999, ma TV a m'nyumba anali aang'ono, a muyeso wa 4:3, kutanthauza sikirini yotsala pang'ono kufanana mbali zonse, ndipo munthu wojambulidwa patali sankaoneka nkhope. Lero muyeso ndi 16:9, sikirini yotambalala m'mbali, ndipo ma TV akula, koma oonera anu ambiri adzaonera pa foni, ndiye kuti vuto lija labwereranso. Wide shot yanu ikhale yosavuta kuwerenga, munthu wofunikayo asasowe pakati pa zinthu zambirimbiri. Muyeso wa 16:9 umasiyanso malo m'mbali mwa nkhope, ndipo malowo amalankhula. Mukasiya mpata kutsogolo kwa kumene munthu akuyang'ana, chithunzi chimapuma bwino. Mukamukankhira kumapeto, mphuno n'kutsala pang'ono kugunda m'mphepete, mpata wonse uli kunkhongo, woonera amamva kuti munthuyo wapanikizika ngakhale sangafotokoze chifukwa chake.

Chinanso chofunika kudziwa ndi chakuti chithunzi chimodzi pachokha sichimaliza kunena kanthu, chimadikira chinzake. Pafupifupi zaka 100 zapitazo, wopanga mafilimu wa ku Russia, Lev Kuleshov, anatenga chithunzi cha nkhope ya katswiri wa zisudzo Ivan Mosjoukine, yosaonetsa kukondwa kapena kukhumudwa, n'kuchilumikiza ndi zithunzi zosiyanasiyana, monga mbale ya supu ndi bokosi la maliro. Malinga ndi mmene nkhaniyi imafotokozedwera, oonera anaona njala pa nkhopeyo itatsatana ndi supu, ndipo anaona chisoni itatsatana ndi bokosi, chikhalirecho nkhope inali imodzimodziyo. Phunziro lake kwa inu ndi lalikulu, makamaka kwa ochita sewero anu. Pa siteji munthu amayenera kukweza mawu, kutong'ola maso ndi kutambasula manja kuti wa kumbuyo kwa holo aone. Pamaso pa kamera zimenezi zimaoneka ngati nthabwala. Ngati mwaonetsa kale kalata yochotsedwa ntchito ili pa tebulo, mnyamata uja safunika kugwira kumutu. Angoyang'ana, woonera amaliza yekha.

Tibwere ku ma angle, kumene ndikufuna ndichedweko pang'ono chifukwa ndi kumene mabuku ochokera kunja amasocheretsa anthu athu. Chiphunzitso chodziwika chimati kamera ikakhala pansi n'kuyang'ana m'mwamba, imene ndi low angle, munthu amaoneka wamphamvu kapena woopsa, ndipo ikakhala pamwamba n'kuyang'ana pansi, imene ndi high angle, amaoneka wofooka. Zimenezi zimagwira ntchito nthawi zambiri. Landilodi ataima pakhomo, mukamujambula kuchokera pamene pakhala mwana wa munthu amene sanalipire lendi, adzadzaza chitseko chonse ndipo adzaopsadi. Koma si lamulo, ndipo kwathu kuno kukhala pamwamba kapena pansi kuli kale ndi tanthauzo lake kamera isanabwere. Mkulu amakhala pansi, wamng'ono amagwada kapena kunjuta, ndipo mnyamata amene akulankhula ndi agogo ake ali chiimire saoneka wamphamvu koma wamwano. Ndiye ngati mwajambula mnyamata wotere ndi low angle pofuna kuti aoneke ngwazi, oonera a ku Bangwe kapena ku Chilomoni adzaona mwana wosaleredwa bwino, ndipo mtima wawo udzapita kwa agogo aja. Ngati mwano ndiwo mumafuna kuonetsa, mwachita bwino. Ngati simumafuna zimenezo, angle yanena zosiyana ndi zimene munalemba.

Taganizirani mtsikana wokwatiwa atagwada pamaso pa apongozi ake aakazi amene akhala pa mpando, akuwauza kuti mwana wawo amene anapita ku Johannesburg wasiya kutumiza ndalama ndipo sakuyankhanso foni. Tripod yanu ikakhala pa msinkhu wa munthu woimirira, kamera idzayang'ana onse awiri kuchokera pamwamba, idzaona mipango ya kumutu m'malo mwa nkhope, ndipo woonera adzakhala ngati mlendo amene walowa m'nyumba ya eni n'kukana kukhala pansi. Tsitsani kamera ifike pa msinkhu wa maso a mtsikanayo. Pamenepo apongozi aoneka okwererapo pang'ono, monga mmene iye akuwaonera, ndipo woonera wagwada naye limodzi. Palinso nkhani ya maso. Mtsikana waulemu sayang'ana apongozi m'maso, amayang'ana pansi, ndipo kumeneku si kubisa bodza monga mmene mafilimu a kunja amaonetsera. Kuti nkhope yoweramayo ioneke, kamera iyenera kutsikirabe, mwina mpaka kuichotsa pa tripod n'kuikhazika pa kampando kapena pa njerwa. Si ife tokha amene tinakumana ndi nkhaniyi. Yasujiro Ozu wa ku Japan, amene anamwalira mu 1963, amadziwika mpaka lero chifukwa choika kamera pansi kwambiri m'mafilimu ake a nkhani za m'banja, popeza anthu a kwawo amakhala pa mphasa m'nyumba. Msinkhu wa kamera anautenga pa makhalidwe a anthu ake, ndipo inunso muutenge pa mkeka, pa khonde ndi pa mpando wa ndalema.

Za kamera yopendekeka, imene amaitcha Dutch angle, sindinena zambiri. Imathandiza poonetsa munthu woledzera kapena wosokonezeka mutu, koma ikangopitirira kamodzi kapena kawiri m'sewero imaoneka ngati tripod inathyoka mwendo. Chimodzimodzinso zithunzi za drone, kandege kakang'ono konyamula kamera, zimene zafala masiku ano. Mzinda wathu ndi wokongola ukaonedwa kuchokera m'mwamba, ndi mapiri a Soche, Michiru ndi Ndirande atauzungulira, koma chithunzi chotere chimangonena kuti tili ku Blantyre, zimene woonera amadziwa kale pofika gawo lachiwiri.

Chimene chimasokoneza oyamba kumene kuposa china chilichonse ndi lamulo la madigiri 180. Anthu awiri akamalankhulana, ganizirani mzere wongoyerekeza wochoka pa maso a wina kupita pa maso a mnzake. Kamera ikhale mbali imodzi ya mzerewo pa gawo lonse. Mukatero mayi uja adzakhala akuyang'ana kumanja kwa sikirini nthawi zonse, mwana wake akuyang'ana kumanzere, ndipo polumikiza zithunzi maso awo adzakumana. Mukadumpha mzerewo n'kukajambula mwanayo kuchokera mbali inayo, onse awiri adzaoneka akuyang'ana mbali imodzi, ngati akulankhula ndi munthu wachitatu amene sakuoneka. Woonera sangadziwe dzina la cholakwikacho, koma adzamva kuti china chake sichili bwino, ndipo maganizo ake adzachoka m'nkhani. Akatswiri amaudumpha mzerewu mwadala pamene zinthu zatembenuka, mwachitsanzo pamene wofunsidwa mlandu wasanduka wofunsa, koma mudzayese zimenezo mutazolowera kuusunga. Lamulo lina laling'ono limati pojambula munthu yemweyo kawiri motsatizana, kamera isunthe ndi madigiri osachepera 30, kapena kukula kwa chithunzi kusinthe mooneka, apo ayi munthuyo amaoneka ngati wadumpha.

Mkati mwa mbali imodziyo muli zosankha zimene zimanena zambiri za ubale wa anthu. Mwamuna ndi mkazi wake akamaoneka m'chithunzi chimodzi, woonera amawatenga kuti ali limodzi. Mukajambula mkazi kudzera paphewa la mwamuna, phewalo likuoneka pang'ono m'mphepete, ubale ukadalipo ngakhale akukangana. Koma mukayamba kuonetsa aliyense payekha, popanda ngakhale kachidutswa ka mnzake, mwawalekanitsa ankhoswe asanabwere. Sewero labwino la nkhani ya banja likhoza kuyenda ulendo wonsewo, kuchoka pa chithunzi chimodzi kufika pa zithunzi ziwiri, popanda wina kutchula mawu oti banja latha. Gwiritsaninso ntchito zimene nyumba zathu zili nazo kale. Munthu wojambulidwa kudzera pa zitsulo za pawindo amaoneka wotsekeredwa. Mwana woima pa chitseko cha kuchipinda, makolo akukangana pabalaza kutsogolo kwa kamera, amanena zambiri kuposa mawu alionse amene mungamulembere.

Lenzi nayo ili ndi mawu ake. Lenzi yotenga malo aakulu, monga ya kamera yaikulu ya mafoni ambiri imene imafanana ndi ya mamilimita 24 mpaka 26, mukaiyandikizitsa pa nkhope imakulitsa mphuno ndi chipumi, ndipo munthu amene mumafuna kuti amvetse chisoni amaoneka woseketsa. Pojambula nkhope bwererani m'mbuyo n'kugwiritsa ntchito lenzi yotalikirapo, imene imakokera pafupi zinthu zakutali, ya mamilimita 50 mpaka 85 pa kamera za full frame, zimene kachipangizo kake kolandirira chithunzi n'kakakulu. Lenzi yotenga malo aakulu imakulitsanso chipinda, moti nyumba ya chipinda chimodzi imene banja lonse limagonamo ikhoza kuoneka yotakasuka, n'kutsutsa umphawi umene sewero likunena. Lenzi yaitali imachita zosiyana, imapanikiza zakutsogolo ndi zakumbuyo. Mukajambula munthu akuyenda mumsika wa Limbe kapena pa depoti ya Wenela muli chapatali ndi lenzi yaitali, maminibasi, oitanira ndi ogulitsa malonda amaoneka ngati amuunjikira, ndipo mlendo wochokera kumudzi amaonekadi kuti tauni yamumeza.

Pa kayendedwe ka kamera, chizolowezi choyamba kusiya ndi cha pa maukwati, chomangokoka ndi kubweza zoom, kuyandikizitsa ndi kutalikitsa chithunzi kamera ili pamalo amodzi, popanda chifukwa. Kamera isunthe pamene pali chimene chaisuntha: munthu wanyamuka ndipo tikumutsatira, kapena pali chinthu chimene woonera sanachione, monga chikwama cholongedza kale chili kuseri kwa chitseko. Kusendera pang'onopang'ono kwa munthu amene wakhala chete kumauza woonera kuti m'mutu mwake mukuchitika zinthu. Kamera ya m'manja imayenera pa ndewu, pa kuthamangitsana kapena pa chipwirikiti, koma kugwedezeka kwake kumamveka kokha ngati magawo ena anali okhazikika.

Musaiwale kuti posankha angle mukusankhanso kuwala. Low angle ya panja imaika thambo lowala kumbuyo kwa munthu, kamera n'kudzichepetsera kuwala yokha, nkhope ya khungu lathu n'kusanduka mdima wokhawokha. Dzuwa la masana la mwezi wa October limachokera pamwamba penipeni n'kubisa maso m'mithunzi, pamene maso ndiwo mukuwafuna mu close-up. Jambulani nkhope m'mawa, chakumadzulo kapena pamthunzi wa khonde, ndipo masiku a mitambo ya chiperoni, cha mu June ndi July, musawadandaule, chifukwa kuwala kwake n'kofewa ndipo kumakomera nkhope. M'nyumba, windo likhale cham'mbali mwa munthu, osati kumbuyo kwake, pokhapokha ngati mukufunadi kuti aoneke ngati chithunzithunzi.

Kamera imodzi muli nayoyo ndi yokwanira. Masewero a mu situdiyo amajambulidwa ndi makamera angapo nthawi imodzi, koma mafilimu ambiri padziko lapansi amapangidwa ndi imodzi, pobwereza gawo kangapo. Yambani ndi kujambula gawo lonse patali, monga mwakhala mukuchitira, kuti mukhale ndi pothawira polumikiza. Kenako sunthani kamera, mubwereze gawo lonse mukuyang'ana mayi, n'kubwerezanso mukuyang'ana mwana, osaimitsa kamera pamene munthuyo wasiya kulankhula, popeza kumvetsera kwake ndiko mudzakufune. Pomaliza tengani tizithunzi ta manja, kalata ndi dengu. Pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti jombo zinali dzanja liti, chitenje chinamangidwa bwanji, ndipo milu ya matimati inali ingati, chifukwa zikasiyana zithunzi sizilumikizika. Maikolofoni ikhale pafupi ndi pakamwa ngakhale kamera ili patali. Musanapite kokajambula, khalani pansi ndi sewero lolembedwalo, ndipo pa gawo lililonse ikani chizindikiro pa mzere umodzi pamene zinthu zikutembenuka, n'kulemba pambali pake dzina la munthu amene nkhope yake iyenera kuoneka pamenepo. Mukamaliza kulumikiza, itanani munthu amene sakuidziwa nkhaniyo, muzimitse mawu, aonere gawolo, kenako akuuzeni amene wakhumudwa, amene ali ndi mphamvu m'nyumbamo ndi pamene zinthu zinasinthira. Malo amene walephera kuyankha ndiwo mukajambulenso.